Chingwe cha Dona

Munthu akangotchula agogo Mukhova, mphuno yanga imadzaza ndi utsi wa ndowe zouma zimene ankafukiza m'mawa uliwonse pakhomo la khola pothamangitsa ntchentche, utsi wokhuthala woyenda pansipansi, wosakanikirana ndi fungo la gaga wonyowa ndi thukuta la hatchi limene linalowerera m'jekete lawo mpaka sopo wa amayi anagonja. Ndimamvanso chitsulo cha m'kamwa mwa hatchi chikugunda mano, ngwe ngwe, ndi mawu a agogo apansipansi akunyengerera nyamayo ngati mnyamata wofunsira mbeta. Ndipo pamodzi ndi zonsezi mtima umayamba kundiwawa, chifukwa pa mawu okoma onse aja, amene ankagwera ine anali ochepa.

Inde, ndati hatchi. Ndikanena zimenezi anthu amandiyang'ana ngati wabodza, poti kwathu kunsi kwa phiri la Michesi chokwera ndi njinga basi. Koma agogo, bambo wa amayi anga, anagwira ntchito zaka zambiri kuseri kwa phiri, ku esiteti ya tiyi, akusamala mahatchi a bwana wa kumeneko. Bwanayo pobwerera kwawo anagulitsa mahatchi onse kupatula yaikazi imodzi yokalamba imene palibe anaifuna, ndipo panamveka zoti iwomberedwe. Agogo anaipempha. Anaiyendetsa wapansi kudutsa pampata wa phiri, n'kufika nayo m'mudzi dzuwa lili paliwombo, ana a midzi yonse ya m'njira ali pambuyo pawo, amayi ena akutaya mitsuko poganiza kuti ndi bulu wolodzedwa. Ku esiteti inali ndi dzina lachizungu lopinda lilime, koma anthu a m'mudzi, poona kuti imasambitsidwa, kupesedwa ndi kudya gaga wothira mchere, anangoitcha Dona. Dzinalo linakhala.

Agogo aakazi anali atamwalira ine ndisanabadwe, ndiye monga mwa nthabwala za kwathu, mkazi wa agogo ndinali ine, mdzukulu wawo.

"Mkazi wanga, madzi osamba ali kuti?" ankatero atakhala pamtondo wogubuduza.

"Mwamuna wosagula chitenje amasamba ozizira," ndinkayankha, uku ndikuwapititsira otentha kubafa.

Banja lathu linkayenda bwino. Ndinkadziwa kuti ndili pamitala ndi Dona, koma mkazi mnzanga wa miyendo inayi sankandisowetsa mtendere, popeza ndinali ndi lonjezo m'manja. Agogo anali atandiuza kuti miyendo yanga ikadzafika pa zopondera zimene zinkalendewera m'mbali mwa chishalo, ndidzakwera, zingwe zili m'manja mwanga. Chifukwa cha lonjezo limenelo ndinagwira ntchito ngati kapolo. Ndinkamweta udzu kudambo mame asanaume, miyendo ikuyabwa, chikwakwa chikundisupula zala. Ndinkatunga madzi pachitsime chakuya chokoka ndi chingwe, ndowa pambuyo pa ndowa, pakuti Dona ankamwa ngati banja lonse la alendo. Ndinkapala ndowe, kuziyanika, kuzitutira pakhomo la khola, ndipo anzanga kusukulu ankati ndikununkha hatchi, ine n'kumanyadira. Madzulo ndinkaima pafupi ndi Dona n'kumayeza mwendo wanga ndi maso, ndikuukalipira chamumtima kuti ukuchedwa kukula.

Kenako kunabwera Felista.

Felista anali msuweni wanga, mwana wa amalume a ku Bangwe. Mayi ake anali atamwalira, ndipo amalume, poti anali oyendetsa lole m'misewu yakutali, anamubweretsa kumudzi kuti akhale nafe. Tinali a msinkhu umodzi, koma iye anali wamfupi, woyera, wa mawu aang'ono, wovala nsapato ngakhale popita kuchimbudzi. Anatsika panjinga ya kabaza atakumbatira kachikwama, maso ali pansi, ndipo agogo atangomuona anawomba m'manja.

"Eee, anthu inu, ndapata! Mkazi wamng'ono, wa m'tauni!"

Onse anaseka. Inenso ndinaseka, koma ndi mano okha.

Amayi anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti, "Edina, mnzakoyu ndi wamasiye. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Umukonde." Ndipo kunena zoona ndinamukonda. Tinkagona pamphasa imodzi, ndinkamuluka tsitsi, ndinamuphunzitsa kudya kalongonda osachita nkhope, ndipo mnyamata wina atamunena kuti ndi nkhuku yachizungu ndinamugwetsera m'ngalande. Koma kukonda munthu ndi kumuchitira nsanje zimagona m'nyumba imodzi bwinobwino, afunseni a pamitala.

Mwezi usanathe, ndinabwera kuchokera kudambo mtolo wa udzu uli pamutu, madzi ake akundichuchira m'khosi, n'kupeza Felista ali pamsana pa Dona. Anali atakhala phee pachishalo chija ndinkachipukuta ine, zingwe zili m'manja mwake, agogo ali pambali akumukonza zala chimodzichimodzi. Ndinayang'ana mapazi ake. Anali m'zopondera ndithu. Agogo anali atangomanga mfundo pamalamba kuti afupike. Zaka zonsezo ndikudikira miyendo, pamene nkhani yake inali ya mfundo imodzi!

Ndinaponya mtolo pansi mwamphamvu mpaka nkhuku zinabalalika.

"Agogo, miyendo ya Felista yatalika usiku uno?"

Agogo sanakwiye. Anabwera, natenga dzanja langa n'kulitembenuza ngati munthu wogula nsomba.

"Si miyendo, mkazi wamkulu. Ndi manja. Ndimakuona ukamakoka mbuzi madzulo. Imafika kukhola khosi litatalika."

"Mbuzi ndi yosamva."

"Ndiye Dona akapanda kumva udzamutani?"

Anatuma Felista, atamutsitsa, kuti akatenge supuni. Anandilumitsa chogwirira chake chopingasa m'kamwa, chikukhudza nkhama, n'kugogoda kumapeto kwake ndi chala chimodzi, pang'ono chabe. Ululu unandifika m'makutu, misozi n'kulengeza.

"Ndi chala chimodzi chimenecho," anatero. "M'kamwa mwa hatchi si mpini wa khasu. Ukakoka, womva kuwawa ndi iye, iwe ayi. Hatchi saikoka, amaipempha."

Ndinalavula supuniyo ndipo sindinawalankhule mpaka mawa lake. Madzi osamba tsiku limenelo anasamba ozizira.

Kuyambira pamenepo, madzulo aliwonse tikaweruka kusukulu kunali maphunziro a Felista, m'kanjira kochoka kwathu kulowera kumtsinje, kodutsa pakati pa minda ya nandolo. Felista pamwamba, agogo pambali ndi ndodo yawo, ine patsogolo. "Iwe tsogola," ankatero, n'kundipatsa ndowa yoti Dona akamwere kumtsinje. Ndinkatsogola ngati wonyamula katundu wa akwati, ndikupirikitsa agalu ndi ana, fumbi likundilowa m'zala, ndipo kumbuyo kwanga ndinkamva ziboda zikugunda pansi, chishalo chikulira, ndi agogo akuthira uchi m'makutu mwa mkazi wawo wamng'ono.

"Eya, choncho. Finya pang'ono, ngati ukuyesa papaya ngati lapsa. Wamva? Wakumvera. Tsopano siya. Akakumvera, siya msanga, ndiko kuthokoza kwake. Manja ako ndi a mzamba, mwana iwe."

Manja a mzamba! Anthu m'minda ankaimika makasu n'kumati, "Taonani kamtsikana ka m'tauni kaja, kolimba mtima bwanji!" Palibe ankati taonani uyo wamweta udzu uli m'mimba mwa hatchiyo. Ndinkayenda khosi lili gwa, osacheuka, koma makutu anga anali kumbuyo. Mawu aliwonse amene agogo anauza Felista ndinawatola ine, n'kuwasunga.

Tsiku lina Felista anafunsa ndi kamawu kake kaja kuti, "Agogo, ndiye kuti kukoka kulibiretu?"

"Kulipo," anatero agogo, "koma n'kwa tsiku limodzi lokha, tsiku limene kutsogolo kuli imfa. Kaya phompho, kaya galimoto, kaya mwana wakhala m'njira hatchi ikuthamanga yosamva. Pamenepo usapemphe. Gwira chingwe chimodzi, osati zonse ziwiri, ukoke ndi mphamvu zako zonse kuti mutu utembenuke, poti mutu ukatembenuka miyendo imatsatira. Ikangoima, siya pomwepo. Koma kukoka chifukwa wapsa mtima, kapena kuti anthu akuone kuti ndiwe bwana, umenewo ndi ufiti."

"Ine sindingathe," anatero Felista.

"Usadandaule. Dona ndi nkhalamba ngati ine. Tsiku limenelo silidzafika."

Ine ndinayamba ntchito yofewetsa manja. Ndinkaba mafuta ophikira a amayi n'kumadzola m'zikhatho pogona, mpaka mphasa inayamba kuitana nyerere, amayi n'kunditulukira. Ndinkamanga luzi panthambi ya mango, n'kukhala pamenepo miyendo uku ndi uku, ndikupempha mtengo kuti ukhotere kumanzere. Ndinkayesa ngakhale kuyenda ndi mbuzi mwaulemu, ndikuinyengerera, iyo n'kundithawira m'munda mwa eni ake. Patapita milungu ndinapita kwa agogo n'kuwatambasulira manja.

"Afewa. Tagwirani."

Anagwira, nagwedeza mutu. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mkazi wanga."

"Nanga nkhono ya Felista inatsegula maso msanga bwanji?"

Anaseka mpaka kutsokomola, koma chingwe sanandipatse.

Chuma chimodzi chokha ndicho chinanditsalira, Chilomwe. Agogo ankalankhula Chilomwe ndi amayi, ndi ine, ndi Dona, koma ndi Felista ankalankhula Chichewa, poti iye anakulira m'tauni ndipo Chilomwe ankangodziwa moni. Ndiye ndikafuna kumukumbutsa kuti mkazi wamkulu ndani pakhomo pano, ndinkayambitsa nkhani ndi agogo m'Chilomwe iye ali pomwepo, nkhani yachabechabe, kaya ya nkhuku yosowa, n'kumaseka mokweza. Felista ankangotiyang'ana pakamwa, akumwetulira pamene sakumva. Zinkandikoma ngati nzimbe.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chimenecho mvula inagwa yambiri, ndipo madzi otsika m'Michesi anakumba chigwembe chakuya pafupi ndi mtsinje, chotalika kuposa nyumba, pansi pake pali miyala imene anagubuduza kuchokera kuphiri. Kanjira kathu kankalunjika pachigwembecho, n'kukhota mwadzidzidzi m'mphepete mwake kulowera kudooko. Tsiku limenelo mvula inali italeka, kunja kuli mphepo, nandolo atatalika kuposa mutu wanga mbali zonse ziwiri. Ine ndinali patsogolo ndithu ndi ndowa yanga, pafupi ndi pokhotera, ndikung'ung'udza ndekha. Kumbuyo, kuchokera m'kanjira kena, kunatulukira bambo wina akukankha njinga atamangapo malata atsopano. Mphepo inawalowa pansi malatawo, njinga n'kumupulumuka, zonse n'kugwa pafupi ndi mchira wa Dona ndi chiphokoso ngati denga la tchalitchi lasasuka.

Nditacheuka ndinaona chinthu chimene sindinachionepo, nkhalamba ija ikuthamanga. Makutu anali atagona, maso atayera, matope akuuluka, Felista akudumphadumpha pachishalo ngati thumba losamanga, ndipo zonsezo zinkabwera kwa ine ndi kuchigwembe. Agogo anali atatsala kutali, ndodo atataya, akukuwa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo.

"Purula! Purula! Purula!"

Mantha amabweza munthu kuchilankhulo cha amake. Agogo, amene miyezi yonseyo ankasamala kulankhula Chichewa ndi Felista, tsiku lofunika Chichewa anakuwa m'Chilomwe. M'Chilomwe cha agogo, purula ndiye kuti koka. Koma m'makutu mwa mwana wa ku Bangwe, mawuwo anamveka ngati pulula, muja timachitira ndi masamba a cham'mwamba, kugwira kanthambi n'kukalola kadutse m'zala. Ndipo poti tsiku ndi tsiku ankauzidwa kuti usakoke, siya, siya msanga, Felista anachita zimene anamva. Anatsegula zala, zingwe n'kupululuka m'manja mwake, iye n'kukakamira tsitsi la pakhosi pa Dona.

Zingwezo zinali zakhonje, zazitali, zoluka agogo okha chifukwa zachikopa za ku esiteti zinali zitaola kalekale, ndipo sizinali zolumikiza kumapeto. Zinagwa n'kumakwekwereka pansi, china uku china uku. Sindikumbuka kuti ndinaganiza chilichonse. Ndimakumbuka ndowa ikugubuduka, ine nditapanikizika kunandolo, mphepo yotentha ya thupi la Dona ikundidutsa, ndi chingwe chakumanzere chikukwawa m'matope ngati njoka. Ndinachigwera ndi manja onse awiri. Chinandizula pansi, chinandikwekweza ndi mawondo, khonje likundiwotcha m'zikhatho ngati ndagwira mbaula, koma manja amene anakulira pachitsime sataya chingwe. Chidendene changa chinapeza chitsa, ndinaponda, n'kugonera chagada ndi thupi lonse. Mutu wa Dona unatembenuka. Anazungulira, nalowa m'munda wa nandolo akuthyola mitengo, anapunthwa, nadzuka, kenako anaima, thovu lofiira likugwa pakamwa. Atangoima ndinasiya chingwe.

Felista anatsetsereka n'kugwera m'nandolo, osavulala ngakhale chala. Pamene Dona anaponda pokhota, dothi linali likugumukira m'chigwembe, ndipo tinkalimva likufika pansi.

Agogo anafika akupuma ngati mvukuto. Ndikufuna mumve bwino mndandanda wake, chifukwa ine sindinauiwale. Anayamba kwa Felista. Anamudzutsa, kumugwiragwira mutu, mikono, miyendo, akumutchula maina onse okoma. Atatsimikiza kuti ndi wamoyo anapita kwa Dona, namutsegula pakamwa, naona pamene chitsulo chinang'amba, ndipo ndinawamva akulira chapansipansi, akumupepesa m'Chilomwe. Ine ndinali nditakhala m'matope, mawondo atasupuka, zikhatho zili nyama yokhayokha. Amene anandiona anali bambo wa malata uja, amene anafika chipewa chili m'manja.

"Madala, pepani ndithu, mphepo iyi. Koma mwana uyu, tamuonani manja ake!"

Apo m'pamene agogo anacheuka. Mkazi wamkulu anafikiridwa pomaliza, ndiponso mochita kukumbutsidwa ndi mlendo.

Kunyumba amayi anakalipa mpaka mawu anawathera, akuti nyama imeneyi idzatiphera ana. Agogo anatenthetsa madzi okha, nathiramo mchere, n'kundikhazika pakhonde dzuwa likulowa, akunditsuka manja ndi kansalu. Ine ndinaluma mlomo kuti ndisalire pamaso pawo.

"Ndalakwa?" ndinafunsa. "Ndam'ng'amba pakamwa mkazi wanu."

"Sunalakwe. Wakoka pa tsiku lake, chingwe chimodzi, ndipo wasiya pa nthawi yake. Ndani anakuphunzitsa?"

"Msana wanga uli ndi makutu."

Agogo anavula jekete lija n'kundionetsa phewa lawo lamanja. Linali lophwanyika, fupa litatuluka molakwika. Anayesa kukweza mkono, ndipo unalekera pachifuwa.

"Hatchi ina inandiponda ku esiteti, usanabadwe. Mkono uwu sungaimitse ngakhale mwana wa mbuzi. Ukuganiza kuti ndinkakuuza kuti utsogole chifukwa cha agalu? Njinga yopanda buleki sakwezapo mwana. Mnzako anabwera kuno osalankhula, osadya, ndipo ndinaona kuti akakhala pa Dona amaiwala maliro. Koma sindikanamukweza pakanapanda iwe kutsogolo."

Mwina ankaganiza kuti ndisangalala. Wina akanasangalala.

"Ndiye kuti ine ndine buleki ya Felista?"

Agogo anaseka mpaka misozi, kuseka kwa munthu amene mantha angomuchoka. Ine sindinaseke.

"Agogo, buleki nayo imafuna kukwera."

Analeka kuseka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, akumanga nsalu padzanja langa.

"Pakamwa pa Dona pakapola, ukwera, zingwe m'manja mwako. Ndalumbira, mkazi wanga."

Ndinadikira. Manja anga anapola, khungu latsopano n'kumera losalala ngati la khanda, ndipo ndinati m'mtima, eya, tsopano afewadi. Felista, amene sanafunenso kumva za chishalo, ndiye ankandidyetsa masiku amene sindinkatha kugwira chakudya, akulira kuti ndinamupulumutsa, ndipo ndinkamulola, poti zinkandikomera kumuona akunditumikira. Agogo ankatsuka bala la Dona m'mawa ndi madzulo, akumupatsa gaga wa madzimadzi, mpaka nalonso linatseka.

Tsiku lolonjezedwa linali Loweruka m'mawa. Ndinavala diresi la kutchalitchi, amayi akundinena kuti ndapenga. Ndinali nditauza kalasi yonse, ndipo ana anadzaza kumpanda wa khola. Agogo anaika chishalo, namasula mfundo zija pamalamba, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti miyendo yanga ikanafika popanda chinyengo. Kenako anatenga chitsulo cha m'kamwa. Dona atangomva kulira kwake anaponya mutu kumwamba, nabwerera m'mbuyo mpaka kugunda mpanda, mano atawaluma gwa. Agogo anamunyengerera, anamuimbira, anapaka chitsulocho madzi a nzimbe. Dona anakana. Agogo anayesa mawa lake, ndi sabata yotsatira, ndi ina. Hatchi imene inalandira chitsulo moyo wake wonse ngati mwana wolandira bere, tsopano inkatuluka thukuta ikangochiona.

Chinandipweteka koposa n'chakuti Dona anayamba kundiopa. Ndikalowa m'khola ndi udzu umene ndamweta ndekha, ankagoneka makutu n'kutembenukira kukhoma. Koma Felista akangofika pampanda, ankapita yekha kukamununkhiza m'manja. Felista amene anataya zingwe!

"Sadziwa kuti unamupulumutsa," anatero agogo. "Adziwa kuti unamupweteka. Ndi mmene zilili."

Amuna ena a m'mudzi, poona kuti nkhani yavuta, anabwera ndi nzeru zawo. Anati nyama ndi nyama, tiigwire anthu angapo, tiimange kumtengo, wina aikanule pakamwa ndi chikuni, chitsulo chilowa basi, ikalira ileka. Ndinayang'ana agogo mtima uli m'mwamba, pakuti ndinkadziwa kuti zikanatheka.

"Zingatheke," anatero agogo, akuyang'ana ine osati amunawo. "Koma kutsogolo kulibe imfa, Edina. Kuli iwe wofuna kukwera basi."

"Ndiye ndikwere popanda chitsulo."

"Iwe uli pamwamba, atsogole ndani?"

"Munalumbira, agogo."

"Ndinalumbira, ndipo ndalephera. Undisudzule, mkazi wanga. Mlandu ndi wanga."

Anatenga chitsulo ndi zingwe zija n'kuzikoleka kudenga la khonde, pamene zinakhala mpaka dzimbiri ndi chiswe zinagawana. Ndinalira tsiku lonse kuseri kwa nkhokwe, diresi la kutchalitchi lili m'fumbi. Sindinawasudzule. Madzi osamba ndinapitiriza kuwatenthetsera, udzu ndinapitiriza kumweta, ndipo Dona anadya thukuta langa mpaka tsiku limene tinamupeza atagona m'khola osadzukanso, patapita mvula ziwiri. Felista anali atabwerera kutauni bambo ake atakwatiranso. Agogo anatsatira Dona posakhalitsa, ndipo masiku awo omaliza wowatembenuza pamphasa ndinali ine, poti ndi ine ndinali ndi manja a ntchitoyo.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndimagulitsa mpunga ndi nandolo pamsika, ndipo ntchito imene agogo anandipatsa sinandichoke. M'banja mwathu zinthu zikamayenda bwino sindiitanidwa. Koma mlongo wanga akayamba kugulitsa mbewu chifukwa cha kachasu, kapena mwana wa mchemwali wanga akathawira kunyanja ndi mwamuna wa nsomba mayeso ali pafupi, foni imalira kwa ine. Ndimapita, ndimakoka kamodzi, mwamphamvu, ndipo munthu akaima ndimasiya, osamubwerezera mawu. Pazinthu zazing'ono ndimapempha, ngakhale lilime likundiyabwa. Amaima ndithu. Koma akaima amandizemba m'njira, ndipo kukalira amakalirira kwa Felista wa manja ofewa ku Bangwe, amene amawapatsa tiyi ndi kuwauza kuti Edina ndi wotero, mumuzolowere. Ndimadziwa kuti ndinachita bwino. Nsanje yokha ndiyo sinamve zimenezo.

Chaka chatha Felista anabwera kumudzi kudzaona manda, wanenepa, ali ndi magalasi. Titakhala pakhonde langa tikumwa tiyi, Michesi ili patsogolo pathu, ndinalimba mtima n'kumufunsa chimene ndinachisunga zaka zonsezi.

"Felista, tandiuza. Pamwamba paja pankaoneka bwanji? Ukakhala pa Dona, maso ankadutsa pamwamba pa nandolo? Chigwa chonse chinkaoneka? Amati Chilwa amaonekera patali ngati lata."

Anaika kapu pansi n'kuseka, akudzigwira pachifuwa.

"Aa, Edina, ine ndidziwa bwanji? Ndinkatsinzinatu ine! Kuchoka pakhomo mpaka kumtsinje, maso ali tsinzi, ndikupemphera kuti tifike. Ndinkangokwera kuti agogo asakhumudwe."

Ndinamuyang'ana, mkazi mnzanga wamng'ono, akupukuta misozi ya kuseka ndi nsonga ya chitenje. Kenako ndinanyamula ketulo n'kumuwonjezera tiyi, poti mlendo ndi mlendo. Shuga sindinamuthirire.